Chimbale Chopindika cha a Mtchona

Loweruka lapitali tinakaika chiliza pa manda a Jailosi Nkhoma, malume awo a mayi anga, amene Mtunthama yense ankawadziwa ndi dzina loti Mtchona. Abusa ananena kuti anali munthu wofatsa, wokonda mtendere. Anthu anavomera ndi mitu, maganizo ali pa mpunga umene unkadikira kumudzi. Ine ndinangoyang'ana simenti. Agogo aja sanali ofatsa. Anali amakani, osamva za mnzawo, ndipo chinthu chokhacho chimene ndinawaona akuchigwira mwaulemu chinali zimbale zawo za jazi.

Za ine palibe zambiri. Sukulu ndinasiyira panjira, ndipo ndili ndi kashopu pa Mtunthama pamene ndimatchaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemori khadi. A Mtchona ankabwera Loweruka ndi batire la galimoto pa kaliyala ya njinga kuti ndiwatchajire. Dzina langa sankalitchula. Ankandiitana kuti Fomu Thuu, ndipo ntchito yanga ankati ndi kupakira fumbi m'kabokosi ka machesi.

Kwa amene sanachionepo, chimbale ndi mbale yakuda yaphwatalala, yokhala ndi timizere tozungulira. Umachiika pa galamafoni, chimazungulira, ndipo singano imayenda m'timizeremo kuyambira m'mphepete kupita pakati. Nyimbo yoyamba imakhala m'mphepete, yomaliza pafupi ndi kabowo ka pakati. A Mtchona anali nazo bokosi lathabwa lodzaza, pansi pa bedi, zonse zoimikidwa chilili. Asanazigwire ankasamba m'manja ndi sopo, chinthu chimene sankachita asanadye. Ankazinyamula ndi zikhatho m'mphepete mokha, ndipo fumbi ankachotsa ndi nthenga ya nkhuku. Sipika inali imodzi, yokhazikidwa pakamwa pa mtsuko wadothi kuti mawu azituluka olemera.

Ankamvera Lamulungu masana, anthu akaweruka ku tchalitchi kumene iwo sankapita. Chimbale chikayamba, kulankhula kunali koletsedwa. Nkhuku zinkapitikitsidwa. Mwana akalowa, ankamuloza ndi chala mpaka atuluke. Ankati nyimbo zimenezi zimamveredwa ngati mlandu, aliyense mwa oimbawo amalize mbali yake iwe usanaweruze. Ankatinso munthu wovina jazi ndiye kuti sanamumve, ndipo woimba mluzu motsatira lipenga ndi wakuba.

Zimbalezo anabwera nazo kuchokera ku Halale. Anapita ali mnyamata, atangokwatira, nakagwira ntchito yoperekera zakudya mu hotela, ndipo anakhalitsa mpaka kumudzi anasiya kuwawerengera. Anzawo pobwerera ankabwera ndi njinga, mabulangete, makina osokera. Iwo anatsika basi ndi jekete limodzi ndi bokosi lija. Agogo aakazi, a Nabanda, amene anadikira zaka zonsezo akulima okha, sanalikhululukire bokosilo mpaka kufa. Ankalitchula kuti mkazi mnzawo, ndipo nyimbozo ankati ndi amphaka akumenyana pa denga. Tsiku lina anakupizira moto ndi chikuto cha chimbale, ndipo a Mtchona anakagona kuchigafa, kumene timaumitsira fodya, mpaka ankhoswe analowererapo. Abale a Nabanda ankanena poyera kuti mlamu wawo amakonda zimbale kuposa mlongo wawo. Sindikudziwa ngati ankanama.

Fodya ankalima moipa, koma posankha masamba anali katswiri, ndipo eni maesiteti ankawatuma kuti akawaikire magiledi. Analinso ndi jeke, makina achitsulo ofinyira fodya kuti akhale belo, amene mudzi wonse unkabwereka. Chilichonse pa dziko lapansi ankachifotokoza ngati fodya. Munthu, ndale, ukwati, zonse zinali tsamba lapansi kapena tsamba lapamwamba, lofewa kapena louma.

M'bokosi lonselo munali chimodzi chimene ankachiika pamwamba pa zinzake. Ankati ndi choyambirira chenicheni, chopangidwa ku Amereka chaka chomwecho chimene oimbawo anachijambula. Oimbawo anali asanu: wa lipenga, wa lipenga lina lopindika, wa piyano, wa besi ndi wa ng'oma. Maina awo anandiuza kangapo, sindinawasunge.

A Nabanda anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Monga timachitira, anyamata anatulutsa katundu yense m'nyumba kuti amayi apeze pokhala polira maliro. Bedi, mipando, galamafoni, zonse zinapita kuseri. Chimbale chija chinali pa galamafoni, chopanda chikuto, ndipo wina anachichotsa n'kuchigoneka pa malata akale amene anasanjidwa pafupi ndi nkhokwe. M'mawa pamalopo panali mthunzi. A Mtchona anali pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi akuluakulu, alamu awo atawazungulira, ndipo pamene anakhalapo malatawo ankaoneka. Anaona mthunzi ukuchoka. Namfedwa sadzuka kukasamala katundu mtembo uli m'nyumba, makamaka pamaso pa anthu amene akhala akunena zimene ankanena aja. Sanadzuke, ndipo sanatume munthu. Anthu anawayamikira kuti analira mkazi wawo ngati mwamuna weniweni.

Madzulo chimbalecho chinali chitapindika m'mphepete ngati tsamba louma. Atachiyesa maliro atatha, singano inkadumpha pa nyimbo zoyambirira za mbali zonse ziwiri. Zam'kati, pafupi ndi pakati, zinkaimbabe bwinobwino. Anatsala ndi theka.

Mnzawo mmodzi yekha amene ankaloledwa kukhala pa mpando wachiwiri Lamulungu anali Che Sumani, mwini golosale pa Mtunthama, Myao wa ku Mangochi amene anakalambira kuno. Ankabwera akatha mapemphero a masana, ndi masamba a tiyi m'thumba la mkanjo, ndipo ankaseka kuti ashehe asamve kumene amapita. Ndi iwo amene anatuma mwana wawo wa ku Joni kuti asake chimbale chomwecho. Choyambirira sichinapezeke. Chinabwera chatsopano, nyimbo zomwezo, oimba omwewo, koma chopangidwa masiku ano kuchokera ku tepi yakale. Chinali cholemera m'manja, chonyezimira, ndipo mwanayo anaikamo ndi singano yatsopano.

A Mtchona anachitembenuza, kuchinunkhiza, osathokoza. Atachiika, wa piyano sanamveke. Anaseka koyamba chichokereni maliro.

"Che Sumani, mwana wanu wagula anthu anayi. Wachisanu anatsala pa boda."

Vuto linali la sipika. Chakale chinkatulutsa mawu onse pamodzi, chatsopanocho chinagawa oimba, ena kumanja ena kumanzere. Ndi mmene ndinalowera m'nkhaniyi. Anandituma kuti ndibweretse sipika yachiwiri ya kushopu ndi kulumikiza mawaya, ndipo popeza sipikayo inali yanga, ndinkakhala pakhomo kuidikira. Wa piyano anapezeka, ali pakona pafupi ndi zenera.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse linali mlandu. Ankaika nyimbo yam'kati pa chakale, kenako yomweyo pa chatsopano, kenako kukangana.

"Mwamva?" ankatero Che Sumani. "Zala za wa besiyo zikumveka zikukhudza nsambo. Pa chanu chija ndimangomva ngati munthu akugubuduza mgolo kuseri kwa nyumba."

"Zala ndi nyimbo? Mukafuna zala pitani kwa telala."

"Nanga kuthetheka kuja? Chanu chimathetheka ngati chimanga chokazinga. Ichi chili zii, mawu okhaokha."

"Inu mumagulitsa sopo, achimwene. Chilichonse choyera mumati n'chabwino."

A Mtchona ankati pa chakale anthu asanuwo ali m'chipinda chimodzi, akupumirana mpweya, ndipo lipenga likalowa limabwera kutsogolo n'kukugunda pachifuwa. Pa chatsopano anawakhazika motalikirana ngati abale okangana pa maliro, aliyense akumveka bwino koma palibe akumvera mnzake. Ankati lipenga analisalaza, kulichotsa mano. Ankatinso tepi imene anatengerako inali itakalamba m'nyumba yosungira, ndipo ochipangawo anachita zimene amachita mlimi wachinyengo, kuwaza madzi fodya wa chaka chatha kuti aoneke wamoyo. Che Sumani ankayankha kuti chakalecho chadyedwa ndi singano kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo chimene a Mtchona akuchitcha kulemera ndi kutha chabe, monga nsapato yakutha imakomera mwini wake yekha.

Tsiku lina anandifunsa ine. Ndinati zonse ndi nyimbo zopanda mawu zimene palibe kasitomala anandipemphapo. Sanandifunsenso. Koma popeza ndine mmodzi mwa anthu atatu amene anamva ziwirizo motsatizana, ndinene: kusiyana kunalipo. Chakale chinkamveka pafupi, chaukali, ng'oma ndi besi zitaphatikana. Chatsopano chinkamveka chotakata, chilichonse pamalo pake, ndipo mbale zachitsulo za wa ng'oma zinkalira nthawi yaitali zisanazime. Chabwino ndi chiti, sindikudziwa. Kusiyanako kunali kochepa kuposa phokoso limene ankachita pokangana.

Chimene chinaononga zinthu ndi nyimbo yoyamba. Imayamba ndi lipenga lokha, popanda wina aliyense, ndipo a Mtchona ankati pamenepo ndi pamene chatsopanocho chimanama kwambiri. Che Sumani anatopa nazo.

"Za nyimbo yoyamba musanene, Mtchona. Chanu sichiimba pamenepo. Mukuyerekeza chimbale changa ndi maloto anu."

Ananena moseka, akuuzira tiyi. A Mtchona sanaseke.

Inali nyengo yomanga mabelo, jeke ali pabwalo. Maganizo awo anali a fodya: tsamba louma ukalipinda limathyoka, ukalifewetsa limamvera, ndipo chilichonse cholowa mu jeke chimatuluka chowongoka. Anati achifewetsa chimbalecho padzuwa pang'ono, kenako achifinya. Che Sumani atamva anaimbira mwana wawo, amene anati ena amachiika pakati pa magalasi awiri n'kutsendereza ndi zolemera kwa miyezi, ndipo ngakhale apo sizitsimikizika. A Mtchona anati pa msinkhu wawo miyezi sabwereka. Ine ndinati ndiyambe ndajambula nyimbo zam'katizo pa foni, kuti zikavuta patsale kanthu. Anati sangaike munthu wamkulu m'kabokosi ka machesi.

Tsiku lofinyalo Che Sumani anatseka golosale masana, chinthu chimene sankachita kupatula Lachisanu, n'kubwera pa njinga yakabaza. Anapeza chimbale chili kale pa lata, a Mtchona akuchiyesa ndi kuseri kwa chala.

"Achimwene, ndavomera. Chanu n'chabwino. Nyimbo yoyamba, yachiwiri, zonse. Chichotseni pamenepo."

"Mwavomera liti?"

"Panopa."

"Mwamva chiyani panopa chimene simunamve Lamulungu?"

"Muli ndi theka, Mtchona. Theka ndi chinthu. Ine ndinaika mkazi, inu munaika mkazi, tatsala ndi matheka okhaokha. Mukufuna chiyani?"

"Ndikufuna muvomere ndi makutu, osati ndi chisoni. Fomu Thuu, bweretsa matabwa."

Anasankha matabwa awiri osalala, anawapala okha. Chimbale chili chofunda, anachikulunga m'chiguduli chatsopano, nsalu yokhakhala imene timakutira mabelo. Palibe anafunsa za chigudulicho, ngakhale Che Sumani. Kwathu kuno chinthu sichilowa mu jeke chili maliseche, ndipo tonse tinaona ngati ndi kuchiteteza. Anachiika pakati pa matabwa, nazungulitsa chitsulo okha, pang'onopang'ono, khutu lili pafupi kumvera ngati china chithetheke. Sichinathetheke. Anawonjezera, monga amachitira ndi belo likaoneka kuti lamvera. Matenanti awiri a ku Phalombe amene anabwera kudzabwereka jeke anauzidwa kuti abwere mawa, muli katundu.

Mawa lake masana anamasula. Chimbale chinatuluka chowongoka ngati thebulo. A Mtchona anachikweza m'mwamba kuti Che Sumani aone, ndipo m'kuwala kwa dzuwako ndi mmene tinaonera kuti nkhope yake yasintha. Sichinkanyezimiranso. Ulusi wa chiguduli unadinda mbali zonse ziwiri, timabokosi ting'onoting'ono kuyambira m'mphepete mpaka pakati.

Tinalowa m'nyumba, a Mtchona anasamba m'manja, anachipukuta ndi nthenga, anachiika. Singano sinadumphe. Inayenda bwinobwino kuyambira pa mzere woyamba, ndipo chimene chinatuluka mu mtsuko chinali phokoso ngati la munthu wosesa pabwalo la miyala. Lipenga linalimo, kutali, ngati munthu woitana tsidya lina la dambo mphepo ikuomba. Tinadikira nyimbo zam'kati, zimene dzana lake zinkaimba. Zinali chimodzimodzi.

Che Sumani anadzuka kuti achotse singano. A Mtchona anawaloza ndi chala, monga ankalozera ana, ndipo anakhalanso pansi. Chinaimba mpaka kumapeto. Anachitembenuza, chinaimbanso mbali inayo mpaka kumapeto. Kenako anachibwezera m'chikuto chake.

"Ikani chanu chija," anatero a Mtchona.

Anakhala ndi moyo zaka zingapo pambuyo pake, ndipo Lamulungu lililonse ankamvera chatsopanocho. Lamulo loletsa kulankhula analiphwanya okha. Chikamaimba ankalankhula pamwamba pake, kufotokoza zimene chakale chinkachita pamenepo: apa lipenga linkang'ambika pang'ono, apa besi inkagwedeza supuni mu kapu. Zaka zikupita, chakalecho chinkakula. Anayamba kunena kuti wa ng'oma ankamveka akuseka, kuti mpando wa wa piyano unkalira, zinthu zimene ine sindinamvepo nthawi imene chinkaimba. Panalibenso choyerekezera, choncho panalibe wowatsutsa.

Ndipo chimenecho ndi chimene chinawapweteka. Che Sumani anasiya kukangana. Chilichonse ankangoti, "Zoona, achimwene." A Mtchona ankawaputa dala, kunyoza mwana wawo wa ku Joni, kunyoza tiyi wawo, koma mkuluyo ankangovomera. Tsiku lina a Mtchona anawathamangitsa, nati akanafuna wongogwedeza mutu akanagula mbuzi. Che Sumani anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako miyendo inawavuta, anasiyiratu. Za jeke a Mtchona sanazitchulepo, ndipo sindinawamvepo akunena kuti analakwa. Pafupi kwambiri pamene anafika ndi tsiku lina akutenga batire, pamene ananena, osandiyang'ana, kuti chiguduli cha masiku ano n'chokhakhala kuposa cha kale.

Anamwalira nyengo ya mvula, atadwala chifuwa sabata zochepa. Pogawa katundu, jeke anakanganirana. Zimbale panalibe wozifuna. Galamafoni inapita kwa mdzukulu wina amene anaiphwasula kufuna mawaya, ndipo zimbale zambiri ana anazimangirira pa timitengo m'munda wa mpendadzuwa kuti zizithamangitsa mbalame. Chatsopanocho ndinakachibweza kwa Che Sumani. Anachilandira, anachiika pa shelefu, alibe choimbira. Ku chiliza sanabwere, anangotumiza shuga.

Titachoka kumanda ndinadutsira kunyumbako. Simukhala munthu. Ana awo ali ku Lilongwe ndipo sanagwirizane chochita nayo. Chitseko n'chomangidwa ndi waya, ndinamasula. M'chipinda chochezera mulibe kanthu, chiswe chakwera khoma la kum'mawa, ndipo mavu amanga pa mtanda wa denga. Pansi pa simenti pali timaenje tinayi pamene miyendo ya mpando wawo inadya, ndipo patsogolo pake simenti inasalala ndi chidendene chimodzi, chakumanja. Sindinkadziwa kuti ankaponda pansi motsatira nyimbo.

Galasi limodzi la zenera linasweka, ndipo wina, kaya ndani, anatseka bowolo ndi chimbale chakale chija n'kuchikhomera ndi misomali itatu. Chinakwanira bwino, poti n'chowongoka. Mvula silowa. Dzuwa limangodutsa pa kabowo ka pakati n'kugwera pansi, kadontho kamodzi, pakati pa ndowe za mbewa.